Aphunzitsi Amuna ndi Ana Ang'ono: Mbiri Yocokera ku Kafue

Munthu wocokera ku Lusaka kulinga kum'mwera, akayenda mtunda wa makilomita ngati 45, afika pa tauni ya Kafue, pamene njanji ioloka mtsinje waukulu pa ulalo umene unamangidwa m'caka ca 1906. M'mawa uli wonse m'miseu ya tauni imeneyi muoneka tiana ta zaka zinai kapena zisanu, tizikwama tiri kumbuyo, tirikupita ku nasale, ndiyo sukulu ya ana amene sanafike msinkhu wolowa Giredi 1. Pa khomo la nasale wolandira anawo kawiri-kawiri ndi munthu wamkazi. Anthu anazolowera zimenezi, kotero kuti kholo likapeza mwamuna atakhala pamphasa pakati pa tiana, alikutsogolera nyimbo ndi kuomba m'manja, liyamba kudabwa, ndipo mwina lidzifunsa mumtima ngati munthuyo anasowa nchito ina.

Kudabwa kumeneku nkwatsopano. Agogo a makolo omwewo anaphunzira kuchula a, e, i, o, u pa mapazi a mphunzitsi wamwamuna, ndipo ena a aphunzitsiwo anaphunzira nchito yao pa Kafue pomwepo. Nanga amuna anacokamo bwanji m'nchito imeneyi? Ndipo ncifukwa ninji maiko ena ali nao ambiri kuposa anzao? Mbiri ya Kafue iyankha mbali ina ya mafunsowa. Mbali yotsala iyankhidwa poyerekeza maiko awiri a ku Ulaya amene akhala akuwerenga aphunzitsi ao caka ndi caka, ndiwo England ndi Norway.

SUKULU YA MBUSA FELL

Amishoni a mpingo wa Primitive Methodist, ocokera ku England, anafika m'dziko la Aila m'caka ca 1893, nakhazika mishoni yao yoyamba pa Nkala. Monga amishoni ena onse, iwo anatsegula sukulu, ndipo aphunzitsi ao oyamba anawatenga kutali kum'mwera, pakati pa Asutu. Koma midzi inali yambiri, aphunzitsi acilendo anali owerengeka, ndipo anyamata a m'dzikomo amene anali kuthandiza nchitoyo anali odziwa pang'ono cabe kuposa ana amene anali kuwaphunzitsa. Cifukwa cace mpingo unatuma Mbusa John Fell kuti amange sukulu yosula aphunzitsi pafupi ndi mtsinje wa Kafue. Sukuluyo, imene inachedwa Kafue Training Institute, inatsegulidwa m'caka ca 1918.

Ophunzira ace anali anyamata ndi amuna okha-okha. Anali kuphunzira kuwerenga, kulemba, masamu ndi Malembo, pamodzi ndi ulimi, ukalipentala ndi kumanga nyumba, pakuti mphunzitsi wa kumudzi anayenera kudziwa kumanga sukulu yace ndi kulima munda womudyetsa. Atatsiriza, anali kubalalika kunka ku midzi. Kumeneko mphunzitsi mmodzi ndiye anali kusenza sukulu yonse, ndipo ana ambiri anali m'makalasi awiri oyamba, Sub A ndi Sub B. Nzoona kuti makalasi amenewa sanali nasale monga za masiku ano, cifukwa pa benci limodzi panali kukhala mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri pamodzi ndi mnyamata woyamba kumera ndebvu. Komabe nchito yoyamba yonse inali m'manja mwa mwamunayo. Iye ndiye anali kugwira cala ca mwana nacilembetsa pamcenga, kumphunzitsa kugwira sileti, kuyang'ana ngati wasamba kumaso, ndi kutonthoza wolira pa tsiku lace loyamba. Panalibe kholo lomuseka. Pamudzi iye anali wolemekezeka, wowerengera anthu makalata ocokera ku migodi, ndi wotsogolera mapemphero pa Sabata.

Zifukwa zace zakuti nchitoyi ikhale ya amuna sizibvuta kuziona. Atsikana ophunzira anali ocepa ndithu. Sukulu ya atsikana ya ku Mbereshi inayambidwa ndi Mabel Shaw mu 1915, ndipo ya ku Chipembi inatsegulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, koma atsikana ambiri a m'midzi anali kuleka sukulu msanga ndi kukwatiwa. Ndiponso mwamuna anali ndi msonkho wolipira caka ndi caka, ndipo uphunzitsi unali umodzi wa nchito zocepa zimene munthu wakuda akanapeza nazo ndalama ndi ulemu wosacoka kwao. Unalinso khomo lopitira patsogolo. Harry Mwaanga Nkumbula anaphunzira pa Kafue, nagwira nchito ya uphunzitsi, ndipo mu 1951 anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa African National Congress.

MWAMUNA KU KALASI, MKAZI KU MAKANDA

Mu June 1924 amishoni a mipingo yosiyana-siyana ya m'Northern Rhodesia anasonkhana pa Kafue, ndipo anakomana ndi nthumwi za Phelps-Stokes Commission, bungwe locokera ku America limene linali kuyendera sukulu za m'Africa motsogozedwa ndi Thomas Jesse Jones. Bungwelo linapempha kuti Boma liloweremo m'nchito ya maphunziro, kuti aphunzitsi asulidwe bwino, ndi kuti atsikana asasiyidwe m'mbuyo. M'caka cotsatira, 1925, Boma linaika G. C. Latham kukhala mkulu woyamba wa maphunziro a anthu akuda. Pofika 1930 Mbusa Fell anali atacoka pa Kafue kukatsogolera sukulu ya Boma ya Jeanes ku Mazabuka, imene mu 1939 inasamukira ku Chalimbana.

Sukulu ya Jeanes inali kulandira mphunzitsi pamodzi ndi mkazi wace. Mwamuna anali kuphunzira kuyendera sukulu za m'midzi ndi kulangiza aphunzitsi anzace. Mkazi anali kuphunzira ukhondo, kusoka, kuphika ndi kusamala makanda, kuti akaphunzitse amai anzace kumudzi. Colinga cinali cabwino, koma apa panaoneka mzere umene unadzakula pambuyo pace. Mwana wa msinkhu wa sukulu anali wa mwamuna, ndipo nchitoyo inali ndi dzina ndi malipiro. Mwana wosafika msinkhuwo anali wa mkazi, ndipo nchito ya mkaziyo inali kuyesedwa cithandizo cabe ca kwa mwamuna wace.

CIYAMBI CA NASALE KU ULAYA

Maganizo amenewa amishoni ndi akulu a Boma anadza nao kucokera kwao. Koma codabwitsa ncakuti ngakhale kwaoko sukulu za tiana zinayambidwa ndi amuna. Mu 1816 Robert Owen, mwini fakitale ya nsalu pa New Lanark ku Scotland, anatsegula sukulu ya ana ang'ono a anchito ace. Amene anamuika kuyang'anira anawo anali James Buchanan, mmisiri woomba nsalu, munthu wofatsa ndi wokonda nyimbo, ndipo womthandiza anali mtsikana dzina lace Molly Young. Patapita zaka zowerengeka Buchanan anaitanidwa ku London kukayamba sukulu yotere, ndipo mu 1820 mwamuna winanso, Samuel Wilderspin, anayamba kuyendetsa ina ku Spitalfields pamodzi ndi mkazi wace. Pa ukalamba wace Buchanan anaolokera ku South Africa, nakamwalira ku Pietermaritzburg mu 1857. Ku Germany nako Friedrich Froebel, amene mu 1840 anacha sukulu yace kindergarten, ndiko kunena kuti munda wa ana, anali mwamuna.

Koma amuna sanakhalitsemo. Sukulu za tiana zitacuruka, eni ace anaona kuti mkazi angathe kulembedwa nchito pa malipiro ocepa kuposa mwamuna. Nthawi yomweyo kunafala ciphunzitso cakuti kulera mwana wamng'ono ndi mphatso yobadwa nayo ya akazi okha. Froebel mwini anaitana akazi a ku Germany kuti agwire nchitoyi, ndipo iwo ndiwo anaifalitsa m'maiko ambiri iye atamwalira. Kwa akazi a nthawi imeneyo, amene makomo a nchito zina anali otsekeka pamaso pao, ili linali khomo lotseguka, ndipo analowapo ndi mtima wonse. Alongo awiri, Rachel ndi Margaret McMillan, anatsegula nasale yao yochuka ku Deptford mu London mu 1914. Pamene sukulu ya Fell inali kutsegulidwa pa Kafue, ku England kunali kutakhazikika kale kuti nasale ndi malo a akazi.

MAIKO AWIRI, ZIWERENGERO ZIWIRI

Mu 1996 akatswiri a zosamala ana a maiko a ku Ulaya analangiza kuti pakutha zaka khumi, mwa anchito 100 ali onse a m'nasale, 20 akhale amuna. Palibe dziko limene linafikapo. Koma England ndi Norway anayenda mosiyana kwambiri, ndipo kusiyana kwao ndiko kuli ndi phunziro.

Ku England, mwa anchito 100 ali onse a m'nasale, amuna ndi awiri kapena atatu okha, ndipo ciwerengero cimeneci cakhala pomwepo kwa zaka zoposa makumi awiri. Boma linaika colinga cakuti pofika 2004 amuna akhale 6 mwa 100. Cakaco cinafika, ciwerengero cosasuntha, ndipo colingaco cinangosiyidwa. Nasale zambiri kumeneko nza anthu amalonda ndi mabungwe, ndipo malipiro a anchito ambiri ali pafupi ndi malipiro otsikitsitsa amene lamulo lilola. Mnyamata amene alowa nchitoyi adzipeza ali yekha pakati pa akazi, ndipo makolo ena amuyang'ana ndi diso lokaika. Ambiri sakhalitsa.

Ku Norway amuna ali ngati mmodzi mwa anchito khumi ali onse, ndiko kuti kuwirikiza katatu kapena kanai ciwerengero ca ku England. Izi sizinadze zokha. Mu 1975 dzikolo linapanga lamulo la sukulu za tiana, zimene kumeneko azicha barnehage. Mphunzitsi wa sukulu zimenezi aphunzira zaka zitatu pa koleji, monga anthu a nchito zina zolemekezeka. Mu 1993 Norway inakhala dziko loyamba kupatula masabata anai a chuti amene bambo yekha ndiye ayenera kutenga mwana akabadwa, ndipo masabatawo anaonjezedwa pambuyo pace. Ku England chuti ca abambo cinayamba mu 2003, ndipo cinali ca masabata awiri okha. Motero anyamata a ku Norway anakula alikuona atate ao akusambitsa ndi kudyetsa makanda, osaciyesa cinthu camanyazi. Boma linaikanso colinga ca amuna 20 mwa 100, linalola kuti polemba nchito mwamuna woyenera ayambe kuganiziridwa, ndipo mu 2009 linapatsa mwana ali yense wa caka cimodzi ufulu wa malo pa barnehage. Malo a nchito anacuruka, ndipo ndalama zambiri zoyendetsera sukuluzo zicokera ku Boma. Kunaonekanso kuti sukulu zimene ana akhala panja nthawi yaitali, m'nkhalango ndi m'mapiri, zikopa amuna ambiri kuposa zina.

Maiko awiriwa onse ngolemera, ndipo amuna a ku Norway sanabadwe ndi mtima wina wosiyana ndi wa amuna a ku England. Cosiyana ndi maphunziro a mphunzitsi, malipiro ace, ulemu umene alandira, ndi zimene ana aona panyumba. Koma mpofunikanso kuona kuti ngakhale Norway, itayesetsa zaka makumi atatu, yafika pa theka cabe la colinga cace. Cizolowezi cimene cinamera kwa zaka zana sicizulika ndi lamulo limodzi.

KUBWERERA KU KAFUE

M'Northern Rhodesia lamulo loyamba la nasale linapangidwa mu 1957, ndipo nasalezo zinali za m'matauni makamaka. Dziko litalandira ufulu mu 1964, Zambia inali ndi anthu ngati 100 okha otsiriza maphunziro a pa yunivesite. Mwamuna ali yense wophunzira anali kufunidwa m'maofesi a Boma, m'migodi ndi m'makampani, ndipo aphunzitsi ambiri anasiya coko. Sukulu zinacuruka, atsikana ophunzira anacuruka, ndipo makalasi oyamba a pulaimale anayamba kulowa m'manja mwa akazi. Sukulu ya Fell inasanduka sekondale ya anyamata, Kafue Boys, imene iri m'manja mwa mpingo wa United Church of Zambia, wopangidwa mu 1965.

Tauni ya Kafue nayo inasintha. Boma linaisankha kukhala tauni ya mafakitale. Kunamangidwa fakitale ya nsalu ya Kafue Textiles, ndi ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inayamba nchito mu 1970. Anthu a mitundu yonse anakhamukirako, ndipo Cinyanja cinakhala cinenero ca pamsika ndi ca ana posewera. Mnyamata wofuna nchito anali kuyang'ana ku cipata ca fakitale. Nasale zinasiyidwa m'manja mwa makonsolo, amene anali kuziyendetsa m'maholo ao, ndi mwa mipingo ndi anthu wamba. Bungwe la Zambia Pre-School Association linapangidwa mu 1972 kuti ligwirizanitse nchitoyi. Ngakhale ndondomeko ya maphunziro ya 1996, Educating Our Future, inasiya nasale m'manja omwewo. Mphunzitsi wa nasale anali kudalira ndalama zimene makolo apereka, wopanda penshoni ndi wopanda makwerero okwerapo. Mwamuna amene abale ace anali kumuyembekeza kudyetsa banja sanaione ngati nchito yokhalitsa, ndipo akazi ndiwo anaisenza pa malipiro ocepawo.

Ku Malawi nkhani inayenda cimodzi-modzi. Sukulu za mkombaphala za m'midzi zakhala zaka zambiri m'manja mwa alezi ongodzipereka, ndipo ocuruka mwa iwo ndi amai. Kumene kulibe malipiro, katundu agwera akazi.

Ku Zambia zinthu zinatembenuka mu 2013, pamene Boma linalemba nchito aphunzitsi a nasale 1,000 kwa nthawi yoyamba, ndi kuyamba kutsegula makalasi a tiana pa sukulu zace za pulaimale. M'caka comweco kunapangidwa lamulo lokhazikitsa Teaching Council of Zambia, bungwe lolemba aphunzitsi onse m'kaundula. Kuyambira mu 1918 mpaka pamenepo panali patapita mibadwo itatu ya aphunzitsi osulidwa pa Kafue ndi pa Chalimbana, koma aka kanali koyamba kuti wophunzitsa mwana wa zaka zinai alandire malipiro a Boma monga mnzace wa ku Giredi 7. Mu January 2022 Boma linacotsa malipiro a sukulu m'sukulu zace, kuyambira ku nasale kufikira ku sekondale, ndipo ana anadzaza makalasi. Chalimbana, kumene kunasamukira sukulu ya Jeanes, tsopano ndi yunivesite, ndipo pakati pa maphunziro ace pali a uphunzitsi wa ana ang'ono. Akazi akali ocuruka kutali m'nchitoyi, koma cifukwa cimodzi cacikuru cimene cinali kuthawitsa amuna cayamba kucepa.

MANTHA A MAKOLO

Catsala ndi mtima wa makolo. Mai amene aopa kusiya mwana wace wamkazi ndi mwamuna wacilendo sali wopusa ai, pakuti nkhani za kucitira ana zoipa zimveka, ndipo zambiri zikhudza amuna. Koma mankhwala a mantha amenewa ndi malamulo omanga anchito onse, amuna ndi akazi omwe. Wofuna nchito ayenera kufufuzidwa mbiri yace. Makomo ndi mazenera a kalasi akhale otseguka, wamkulu asatsekeredwe yekha ndi mwana, ndipo kholo likhale ndi ufulu wofika nthawi iri yonse. Nasale yosunga malamulo otere iteteza ana kuposa ija imene ingokana amuna nkuyesa kuti yatha bvuto.

Ndiponso mwambo wa makolo sunapatule mwamuna kwa ana. Pa bwalo akulu anali kuluka mphasa ndi kusema mipini tianyamata titawazinga, tirikuonerera ndi kumvera. Malume anali ndi mau pa ana a mlongo wace kuyambira ali ang'ono. Lero m'matauni monga Kafue muli ana ambiri amene atate ao ali kutali ku nchito, kapena anamwalira, kapena anasiya banja. Mwana wotere angathe kufika Giredi 5 asanaone mwamuna wamkulu wolankhula naye mofatsa, womuwerengera nthano, kapena womanga cingwe ca nsapato yace. Akulu anati m'mera mpoyamba. Cimene mnyamata aona pa zaka zinai ndico adzayesa nchito ya mwamuna akadzakhala bambo.

Palibe wonena kuti mwamuna aphunzitsa bwino kuposa mkazi. Amai amene anasenza nasale za dziko lino kwa zaka makumi asanu pa malipiro osakwanira ayenera ulemu waukulu, ndipo malipiro abwino ayenera kuyamba kufika kwa iwo. Koma mbiri yaonetsa kuti ciwerengero ca amuna m'nchitoyi cimakwera ndi kutsika potsata zimene anthu apangana. Cinali cacikuru m'midzi ya Aila pamene uphunzitsi unali ndi ulemu, cinatsika pamene nchitoyo inasowa malipiro, cakhala pansi ku England, ndipo cakwera ku Norway kumene Boma ndi makolo anacifuna. Mnyamata wa ku Kafue amene lero asankha kuphunzitsa tiana sayamba cinthu cacilendo. Alikubwerera ku nchito imene anyamata a Mbusa Fell anaturuka kukaigwira m'midzi zaka zoposa zana zapitazo.